Kuchokera ku London Kukafika ku Sydney: Njira Imene Inkasiya Malo Ake Opumira

Pakati pa London ndi Sydney pali makilomita pafupifupi 17,000, tikayeza motsata njira yachidule kwambiri yodutsa pamwamba pa dziko. Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, choncho palibe malo awiri amene angatalikirane kuposa makilomita 20,000, ndipo mizinda iwiriyi ili pafupi ndi malire amenewo. Nambalayi sinasinthepo. Koma anthu oyenda njira imeneyi sankawerenga makilomita. Ankawerenga miyezi, kenako masabata, kenako masiku, lero amawerenga maola. Ankawerenganso malo oima panjira, ndipo mbiri ya mtunda umenewu yagona pamenepo, m'matauni ndi m'midzi ya pakati imene ulendowo unkadalira mpaka tsiku limene unapeza mphamvu zoidumpha.

Poyamba panalibe amene ankafuna kuuyeza. Anthu a mtundu wa Eora, amene anakhala m'mbali mwa doko la Sydney kwa zaka zikwizikwi, analibe nayo ntchito London. Mtundawu unakhala nkhani pamene boma la Britain linaganiza zokataya akaidi ake kutali. Pa 13 Meyi 1787 zombo 11 zinanyamuka ku Portsmouth motsogozedwa ndi Arthur Phillip, zinadzera ku Tenerife, Rio de Janeiro ndi Cape Town, n'kukafika ku Botany Bay mu Januwale 1788, patatha miyezi isanu ndi itatu. Kutalika kwa ulendowo kunali mbali ya chilango, chifukwa wotumizidwa kumeneko sankayembekezeka kubwerera. Bwanamkubwa akalemba kalata yopempha chakudya ku London, yankho linkamupeza chaka chitadutsa.

M'zaka zotsatira zombo zamatanga zothamanga zinafupikitsa ulendowo kufika pa miyezi itatu kapena kucheperapo. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima zoyendera malasha zinayamba kufika m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Mu 1872 anamaliza kuyala waya wa telegalafu kuchokera ku Adelaide kukafika ku Darwin, n'kuulumikiza ndi wina wodutsa pansi pa nyanja, ndipo mawu anayamba kufika tsiku lomwelo. Koma munthu, ndi kalata yolembedwa ndi dzanja la mayi ake, zinkayendabe masabata.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, boma la nduna yaikulu ya Australia, Billy Hughes, linalengeza mu 1919 mphoto ya mapaundi 10,000 kwa anthu a ku Australia amene angayambe kuulutsa ndege kuchokera ku England kukafika kwawo pasanathe masiku 30. Ndege zisanu ndi imodzi zinalowa mpikisanowo. Ziwiri zinagwa ndi kupha anthu anayi: ina inagwa itangonyamuka kumene pafupi ndi London, ina inamira m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Corfu. Ziwiri zina zinawonongekera panjira. Ray Parer ndi John McIntosh anafika ndithu, koma patatha masiku 206.

Amene anapambana anali anyamata awiri apachibale a ku Adelaide, Ross Smith ndi Keith Smith, pamodzi ndi amakaniko awo Wally Shiers ndi Jim Bennett. Ndege yawo, Vickers Vimy, inapangidwa kuti izikaponya mabomba. Inali ya mainjini awiri a Rolls-Royce, mapiko ake okutidwa ndi nsalu, ndipo pokhala anthu panalibe denga. Ananyamuka ku Hounslow pa 12 Novembala 1919 kukuzizira koopsa, moti pamwamba pa France magalasi awo a m'maso ankadzaza chipale ndipo chakudya chinauma gwaa. Keith ankalondola njira ndi kampasi ndi mapu, akuyang'ana mitsinje ndi njanji pansi. Wailesi analibe. Ankauluka masana. Madzulo akatera, abale awiriwo ankathira mafuta pamanja, chitini ndi chitini, akuwasefa, pamene Shiers ndi Bennett ankagwira ntchito pa mainjini mpaka usiku.

Mabuku ambiri amanena za anthu anayi amenewa, ndipo n'zowayenera. Koma ndikamawerenga za ulendowo, chimene chimandigwira mtima ndi kuchuluka kwa manja ena amene anaikankha ndege imeneyo. Ku Ramadi, m'dziko la Iraq, kunawomba chimphepo usiku, ndipo asilikali a ku India amene anali pamenepo anachezera kuigwira ndegeyo kuti isatembenuzike. Ku Singora, kum'mwera kwa Siam, bwalo linali lodzaza zitsa, ndipo anabweretsa akaidi kuti azizule. Ku Surabaya, pa chilumba cha Java, bwalo linali pa dambo lokwiriridwa chatsopano, ndipo ndege inatitimira m'matope. Masiku 30 aja anali akutha. Anthu a m'midzi yozungulira anabwera ndi mphasa zansungwi, zina zochotsedwa m'makoma a nyumba zawo, n'kuziyala pamatopepo kuti ndege ipeze pothamangira. Mayina awo sanalembedwe. Popanda iwo, mphoto ija ikanapita padera.

Anatera ku Darwin pa 10 Disembala 1919, patatha masiku 27 ndi maola 20. Abale awiriwo anapatsidwa ulemu wa Sir, amakaniko aja anangokwezedwa pang'ono pa udindo, koma ndalama ya mphoto anagawana mofanana anthu onse anayi. Darwin si Sydney. Ndege inali itatopa, inkawonongeka pafupipafupi podutsa m'kati mwa Australia, ndipo ku Sydney inafika mu Febuluwale 1920. Ulendo woyamba wa pandege pakati pa mizinda iwiriyi unatenga miyezi itatu, kuposa wa sitima yapamadzi. Ross Smith ndi Bennett anafa pa ngozi ya ndege ku England mu 1922. Vimy ija ikusungidwa pa bwalo la ndege la Adelaide.

Mpikisanowo unabala chinthu chimene Hughes sanachiganizire. Boma linatuma asilikali akale awiri, Hudson Fysh ndi Paul McGinness, kuti akafufuze malo oteramo ndege kumpoto kwa Australia. Anayenda pa galimoto ya Ford kuchokera ku Longreach kudutsa m'tchire lopanda misewu, ndipo mavuto amene anakumana nawo anawatsimikizira kuti dera lotere likufunika ndege. Mu Novembala 1920, pamodzi ndi mlimi wa nkhosa Fergus McMaster, anayambitsa kampani ku Winton m'chigawo cha Queensland. Ndiyo Qantas.

Kenako masiku anayamba kugwa msangamsanga. Bert Hinkler wa ku Bundaberg anauluka yekha mu 1928, masiku 15 ndi theka. Amy Johnson anauluka yekha mu Meyi 1930 pa kandege kakang'ono ka Gipsy Moth, masiku 19 ndi theka. Mu Okutobala 1934 kunachitika mpikisano wina kuchokera ku Mildenhall kukafika ku Melbourne, ndipo Charles Scott ndi Tom Campbell Black anapambana m'maola 71 pa ndege yopangidwira liwiro lokha. Koma imene inaonetsa za m'tsogolo inali yachiwiri: Douglas DC-2 ya kampani ya KLM ya ku Netherlands, ndege wamba yonyamula anthu ndi makalata, yotchedwa Uiver. Itatsala pang'ono kufika, inasochera usiku mu mvula ya ziphaliwali pafupi ndi tauni ya Albury. Injiniya wa magetsi a tauniyo anayamba kuzimitsa ndi kuyatsa magetsi onse a m'misewu, kulemba dzina la Albury m'zizindikiro za Morse. Muulutsi wa pa wailesi anapempha aliyense amene ali ndi galimoto kuti athamangire ku bwalo la mpikisano wa mahatchi, ndipo magalimoto anandanda mizere iwiri atayatsa nyali. Ndege inatera bwinobwino n'kutitimira m'matope. Kutacha, anthu mazana anaikoka ndi zingwe, inanyamukanso, n'kukamaliza mpikisano.

Ulendo wa anthu olipira unayamba mu Epulo 1935, mogwirizana pakati pa Imperial Airways ya ku Britain ndi Qantas Empire Airways. Kuchokera ku London kukafika ku Brisbane kunali masiku 12 ndi theka, kusintha ndege kangapo, ndipo pakati pa Paris ndi Brindisi apaulendo ankakwera sitima yapamtunda chifukwa cha mikangano ya maboma pa zouluka pamwamba pa Italy. Njira yonse inkaposa makilomita 20,000, popeza ndege sinkatsata chingwe chowongoka cha pa mapu. Inkatsata kumene kuli mafuta, bwalo, bedi, ndiponso mbendera ya Britain kapena ya dziko logwirizana nayo.

Kuyambira mu 1938 kunabwera ndege zotera pamadzi za kampani ya Short, zimene zinkanyamuka pa Rose Bay ku Sydney ndi kukatera ku Southampton patatha masiku asanu ndi anayi kapena khumi. Zinkaima malo pafupifupi 30. Mndandanda wake ndi wokoma kuumva: Townsville, Darwin, Kupang, Bima, Surabaya, Singapore, Penang, Bangkok, Rangoon, Calcutta, Karachi, Dubai, Bahrain, Basra, nyanja ya Galileya, Alexandria, Athens, Marseille. Paliponse panali maboti okatenga alendo, anthu opopa mafuta, ophika, ochapa, ndi oyang'ana nyengo. Usiku ndege inkagona pamadzi, alendo ankagona ku hotelo. Anthu okwera anali ochepa ndi olemera kwambiri. Chimene chinkalipira ulendowo kwenikweni anali makalata. Ife a kuno tili ndi kachidutswa kathu ka mbiri yotere, ngakhale pa njira ina: mu 1949 ndi 1950 ndege zapamadzi za kampani ya BOAC zopita ku South Africa zinkatera pa Cape Maclear, ndipo patangotha chaka chimodzi zinaleka, chifukwa ndege zotera pamtunda zinali zitazilanda malo.

Nkhondo yachiwiri inadula njirayo pakati. Mu Januwale 1942 asilikali a Japan anawombera ndege yapamadzi ya Qantas pafupi ndi Kupang, mu Febuluwale Singapore inagwa, ndipo patangopita masiku ochepa Darwin inaphulitsidwa ndi mabomba. Malo onse opumira a pakati pa Australia ndi India anali m'manja mwa adani. Kunatsala njira imodzi: kudumpha nyanja yonse ya Indian Ocean popanda kuima. Kuyambira pakati pa 1943 mpaka Julayi 1945, Qantas inkaulutsa ndege zisanu za Catalina kuchokera pa mtsinje wa Swan ku Perth kukatera pa nyanja ya Koggala ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka. Ndi makilomita oposa 5,600, ndipo Catalina ndi ndege yoyenda pang'onopang'ono, moti ulendo umodzi unkatenga maola oposa 27, nthawi zina kudutsa 30. Anachotsamo chilichonse cholemera kuti aikemo matanki owonjezera. Munkakwera apaulendo atatu okha ndi makalata a boma ochepa. Wailesi sankaigwiritsa ntchito poopa kumvedwa ndi adani, choncho wolondola njira ankadalira nyenyezi, ndipo dera loopsa ankalidutsa usiku. Ndege inkanyamuka itadzaza mafuta mopitirira muyezo, mwakuti injini imodzi ikanazima m'maola oyamba, kunalibe kuchitira mwina koma kugwera m'nyanja. Okwera ankaona dzuwa likutuluka kawiri asanatsike, n'chifukwa chake ulendowu unatchedwa Double Sunrise, ndipo aliyense ankalandira satifiketi. Anawoloka maulendo 271 osataya ndege ngakhale imodzi. Pa zonse zimene zinachitika pa njira imeneyi, ine ndimaona kuti ntchito ya anthu amenewa ndiyo yaikulu, chifukwa sanaichite kamodzi kuti atchuke. Ankaibwereza sabata ndi sabata mwakachetechete kwa zaka ziwiri. Nkhondo itatha, ndege zisanuzo anazimiza m'nyanja potsata mgwirizano umene anazibwerekera kwa America.

Pa 1 Disembala 1947 Qantas inayamba kuyendetsa yokha njira yonse, imene pofika nthawiyo inali ikudziwika kuti Kangaroo Route. Ndege ya Lockheed Constellation inanyamula anthu 29 ndi antchito 11, ikuima ku Darwin, Singapore, Calcutta, Karachi, Cairo ndi Tripoli. Anali masiku anayi, maola 55 ali m'mwamba. Malo 30 aja anatsala asanu ndi limodzi. Tikiti yopita ndi kubwerera inali yofanana ndi malipiro a zaka zoposa ziwiri a munthu wamba wa ku Australia.

Apa pali funso limene nkhani za liwiro zimalidumpha: mtundawu unkafupikira ndani? Kuyambira mu 1945 boma la Australia linkaitana Angelezi kuti adzakhale, munthu wamkulu akulipira mapaundi khumi okha, ndipo oposa miliyoni imodzi anapita, ambiri oyambirira pa sitima zapamadzi, otsatira pandege. Pa nthawi yomweyo malamulo a White Australia, amene anayamba mu 1901 ndipo anathetsedwa kotheratu mu 1973, ankatsekera kunja anthu a ku Asia ndi Africa. Munthu wa ku Karachi kapena wa ku Surabaya amene ankathira mafuta m'ndege yopita ku Sydney anali pafupi ndi Sydney kuposa Mngelezi amene anakhala pa windo, koma khomo linali lotsekukira wakutaliyo.

Ndege za jeti zinafika mu 1959 ndi Boeing 707, ndipo ulendo unatsika kufika pa tsiku ndi theka. Boeing 747, imene Qantas inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1971, inachita chinthu chachikulu kuposa liwiro: inanyamula anthu mazana pa ulendo umodzi, mitengo inatsika, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi ana asukulu anayamba kukwera. Agogo amene anatsanzikana ndi ana awo pa doko la Southampton akuganiza kuti sadzaonananso anatha kukaona adzukulu. Ndege iliyonse yatsopano inkafufuta dzina lina pa mndandanda. Tripoli, Cairo, Calcutta, Karachi, Darwin, Bahrain, onse anatsala m'mbuyo, mpaka pamene 747-400 inabwera mu 1989 ndi kusiya malo amodzi okha, kawirikawiri Singapore kapena Bangkok.

Malo omaliza amenewo ndiwo akhala ovuta kuwachotsa. Mu Ogasiti 1989 ndege yatsopano ya 747-400 yotchedwa City of Canberra inauluka kuchokera ku London mpaka ku Sydney osaima, makilomita 18,001 m'maola 20 ndi mphindi 9, woyendetsa wamkulu ali David Massy-Greene. Koma munali anthu 23 okha, mafuta ake anapangidwa mwapadera kuti ochuluka alowe m'matanki, ndipo ndegeyo anachita kuikoka mpaka poyambira kuthamanga kuti isawononge dontho. Zinatheka, koma malonda sakanayenda motero.

Vuto lake ndi kulemera. Pa ulendo wautali chonchi, mafuta okha angafike magawo anayi mwa khumi a kulemera konse kwa ndege ponyamuka, ndipo ena mwa mafutawo amapsa pongonyamula mafuta anzake amene adzafunike kumapeto. Zili ngati munthu wa ulendo wapansi amene wasenza kamba wa njira yonse: akachulutsa kamba amatopa msanga ndi kudya kwambiri, ndipo katundu wina ayenera kumusiya. Pa ndege, katundu wosiyidwayo ndi anthu olipira. Pali mphepo: pamwamba pomwe ndege zimauluka pamawomba mphepo zamphamvu zochokera kumadzulo kupita kummawa, choncho kupita ku Sydney ndi kwachangu kuposa kubwerera ku London, ngakhale makilomita ali omwewo. Palinso ndale. Njira yachidule kwambiri imadutsa pamwamba pa Russia, Kazakhstan ndi China, zimene zimadabwitsa munthu amene anazolowera mapu a pakhoma, koma akatambasula ulusi pa mpira wa dziko amaona yekha. Dziko limodzi likatseka mlengalenga mwake, monga zakhalira ndi Russia kwa makampani ambiri kuyambira mu 2022, ndege zimazungulira ndipo mtunda umakula. N'chifukwa chake nambala ya 17,000 imapezeka m'mabuku koma woyendetsa ndege sawerengera mafuta ake pa iyo.

Mu Malichi 2018 Qantas inayamba ulendo wa tsiku ndi tsiku wosaima pakati pa Perth ndi London pa Boeing 787-9, makilomita pafupifupi 14,500 m'maola pafupifupi 17. Aka kanali koyamba kuti Australia ndi Europe zilumikizidwe ndi ulendo wokhazikika wosatera pakati. Sydney ili kutsogolo ndi maola ena anayi. Mu Novembala 2019, zaka 100 chichokereni ulendo wa abale a Smith, 787-9 ina inauluka kuchokera ku London kupita ku Sydney m'maola 19 ndi mphindi 19 ili ndi anthu pafupifupi 50, ndipo ulendo uno chimene ankayeza si injini koma thupi la munthu. Akatswiri a ku mayunivesite a Sydney ndi Monash ankapima tulo ndi kugalamuka kwa oyendetsa, ankasintha nthawi ya chakudya ndi kuwala kwa nyali, ankaimiritsa anthu kuti awongole miyendo. Nthawi ya mizinda iwiriyi imasiyana ndi maola 9 mpaka 11 malinga ndi nyengo ya chaka, ndipo thupi limatenga masiku kuti livomere kuti usiku wasanduka usana. Apaulendo a ndege zapamadzi sankalidziwa vuto limeneli, chifukwa ankasuntha pang'onopang'ono ndi kugona pabedi usiku uliwonse.

Mu 2022 kampaniyo inaitanitsa ndege 12 za Airbus A350-1000 zokhala ndi thanki yowonjezera, za ntchito imene inaitcha Project Sunrise pokumbukira ma Catalina aja. Zapangidwa kuti zizitha kukhala m'mwamba mpaka maola 22, ndipo mudzakhala mipando 238 yokha, pamene ndege ya mtundu womwewo kwa makampani ena imanyamula anthu oposa 300. Mipando ikachepa, aliyense amalipira zambiri, ndipo gawo lalikulu la ndegeyo laperekedwa kwa okwera m'makalasi odula.

Pakadali pano malo a pakati sanafe onse. Ena anaphunzira kuti ulendo wodutsa ndi chuma, ndipo m'malo modikira ndege za eni ake, anagula zawo. Singapore inamanga bwalo la Changi, limene linatsegulidwa mu 1981, ndi kukulitsa Singapore Airlines. Dubai, kumene ndege zapamadzi zinkangoima kuti zimwe mafuta pa mtsinje wa m'tauni, inayambitsa Emirates mu 1985, ndipo pofika 2013 Qantas yomwe inasamutsira malo ake opumira kumeneko kwa zaka zisanu isanabwerere ku Singapore. Doha, Hong Kong ndi Kuala Lumpur zinachita chimodzimodzi. Anthu ambiri oyenda pakati pa London ndi Sydney lero amakwera ndege za mayiko amenewa, amatsika pakati pa njira kwa maola awiri kapena atatu, n'kukwera ina, ndipo ulendo wonse umawatengera maola 22 mpaka 24.